Liwu limodzi limene linawatsalira

Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pa ntchito ku Nchenachena. Anali ndi buku lawo lonenepa, nkhani yolembedwa m'Chisipanishi koma yomasuliridwa m'Chingerezi. Nkhaniyo analibe nayo ntchito kwenikweni. Chinkawakomera n'kaliwu kamodzi, "well", kamene womasulirayo anakawaza paliponse ngati mchere. Ankandiwerengera ali pakhonde, ine nditagwada chapatali monga mkamwana wodziwa mwambo. Apa, ankatero, munthuyu akuvomera monyinyirika. Apa akuputa ndewu. Apa watopa, akufuna mnzakeyo azipita. Ine wa ku Dedza ndinkangoti yewo, mumtima ndikuti akuluwa asowa chochita, ndiwo zanga zikupserera.

Sitiroko itawagwira, mbali yakumanja inafa ndipo mawu onse anawathawa, Chitumbuka ndi Chichewa chomwe. Kanangotsala kaliwu komweko. Akafuna madzi, "well". Pena pakawapweteka, "well". Mwamuna wanga anali ku Joni, ndiye banja lonse linatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkamvetsera buku lija.

"Mkamwana, akuti vichi adada?" apongozi aakazi ankandifunsa m'Chitumbuka kuyambira m'mawa, kufuna kudziwa chimene amuna awo akutanthauza.

Ndinkangoganizira. Pena ndinkakhoza, pena ndinkawapatsa phala iwo akufuna kutembenuzidwa, iwo n'kulikankha ndi dzanja lamanzere lomwe linatsala lamoyo. Zinkandikwiyitsa. Munthu wa zilankhulo zitatu, kutisiyira kachinthu kamodzi, kachilendonso!

M'dzinja anasiya kumeza. Namwino wina wa mumpingo mwathu anati akapanda kupita kuchipatala ku Khondowe satha sabata. Apongozi aakazi anakana. Anati amuna awo ankanena kawirikawiri kuti adzafere m'nyumba mwawo, ndipo sanyamulidwa ngati thumba la chimanga popanda iwo eni kuvomera. Mkulu wa mpingo anali atabwera kale ndi galimoto, akuyang'ana mitambo.

"Mvula iyi ikagwa, msewu ndiye watha. Fulumirani chomene."

Tsiku limenelo mwambo ndinauika pambali. Ndinakhala pabedi pawo penipeni, n'kuwagwira dzanja.

"Adada, tipite kuchipatala? Kapena mukhale?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Well," anatero, motsitsa, mokoka.

Ndinatsomphola buku lija pa shelefu n'kuyamba kuvundukula masamba ngati wamisala. Ndinawawerengera pa munthu wovomera monyinyirika, ndikuti akandifinya dzanja ndidziwa. Ndinawerenga pa wokana, pa wotopa, pa wofuna kusiyidwa yekha. Sanafinye paliponse. Misozi yokha inkatsikira m'khutu. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo, chifukwa moyo wa munthu unali pakamwa panga ndipo ine sindinkamva kanthu.

"Akuti vichi?" apongozi aakazi anafunsa ali pakhomo, alamu anga ataunjikana kumbuyo kwawo. Madontho anayamba kugunda malata.

"Anyamuleni," ndinatero.

Anawanyamula m'bulangete. Powalowetsa m'galimoto, dzanja lamanzere lija linagwira chitenje changa, kugwira kwenikweni, moti mkulu wa mpingo anachita kumasula chala chimodzichimodzi. Anamwalira ku Khondowe sabata isanathe, apongozi aakazi atagona pansi pambali pa bedi. Sanandinenepo kanthu mayiwo, ndipo pamaliro ankauza anthu kuti adada anavomera okha, mkamwana ndiye anamva. Mpaka lero sindidziwa ngati dzanja lija linkandikoka kuti ndipite nawo kapena kuti ndiwabwezere m'nyumba.