Apongozi Ali M'gulu

Inu okonda nkhani zolimbikitsa, zija zoti munthu wavutika Lolemba n'kulemera Lachisanu, pepani, iyi si yotero. Iyi ndi ya mayi wina wa ku Honde, kuno ku Zimbabwe, amene anatsala pang'ono kutaya sukulu yake chifukwa cha ulemu, ndipo ndikamaikumbukira mtima umandipsabe.

Tsiku lomwe madzi anafika m'khosi, Immaculata anali pachitunda cha kumtunda kwa Ruda, pomwe anthu a m'komboni amakasaka netiweki. Dengu la tiyi linali likadali kumsana. Pafoni ankalankhula a Norbert, aphunzitsi ake a kuyunivesite, amene ankamuphunzitsa ali ku Mutare.

"Mai Malvin, ndisakunamizeni," anatero a Norbert, pomutchula dzina la mwana wake monga timachitira kuno. "Kafukufuku wanu alibe anthu. Gulu lanu lili zii. Ikatha teremu ino mulibe chosonyeza, sukulu sikupatsaninso mpata wina."

Immaculata anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira. Sanalire mokongola ngati a m'mafilimu ayi. Analira mamina ali chuchuchu, mayi wina wobwera kudzaimba foni mpaka anabwerera panjira.

Kuti mumvetse misoziyo, dziwani komwe anachokera. Agogo ake anabwera kuchokera ku Mulanje kudzathyola tiyi, makolo ake anathyola tiyi, ndipo iye atalephera Fomu 4 kawiri, dengu linali likumudikirira kale. Anakwatiwa ndi Romeo, yemwe posakhalitsa anapita ku Joni kukasaka ganyu, n'kumusiya pakhomo pa apongozi. Anthu anati basi, ameneyu zake zathera pamenepa.

Iye sanavomereze. Analembanso mayeso kachitatu mwana ali kumsana, n'kukhoza. Kenako analembetsa dipuloma ya uphunzitsi wa anthu akuluakulu, yophunzira uli kwanu kudzera pafoni. Anakwera chitunda chija mvula ndi dzuwa, mpaka maphunziro onse anatha. Chinatsala n'chimodzi chokha, kafukufuku.

Funso lake linali labwino: kodi othyola tiyi amene sukulu anailekera panjira angaphunzire kuwerenga, kulemba ndi masamu pagulu la pafoni, akuthandizana okhaokha? Anatsegula gululo, anthu analowa mwaunyinji. Iye ankajambula phunziro ndi mawu ake n'kutumiza, pomaliza n'kunena kuti amene sanamve afunse.

Palibe anafunsa. Foni inkasonyeza kuti onse amvera, koma yankho ng'oo. Miyezi yonseyo munangolowa mawu amodzi, a mayi wina amene atamvera phunziro la kuchotsera anayankha kuti "Ameni."

Apa ndiye pamene Immaculata amanditopetsa. Anaimba mlandu netiweki. Anasintha nthawi yotumizira. Anafupikitsa maphunziro. Anaphunzitsa m'Chinyanja, n'kubwereza m'Chishona, tsiku lina mpaka anaimba nyimbo ya mavawelo, mayi wamkulu ndi mwana wake yemwe. Anawerenga zolemba za akatswiri a kutali, ndipo zinkamuuza kuti ikani ophunzira onse pamodzi, adzamasukirana. Iye anangoti indedi. Mwana wobadwira m'komboni, amene amadziwa bwino lomwe kuti pamaliro amuna akhala uku akazi uko, anaiwala zonse atangogwira foni.

Chinamutsegula maso si buku. Patapita masiku angapo chilirireni pachitunda paja, anafika mochedwa pamzere wa kusikelo, komwe tiyi amayezedwa. Anaima kumbuyo, anzake osamuona. Kutsogolo kunali mkangano wa mtima bii. Amayi atatu ndi bambo mmodzi ankatsutsana za samu yomwe iye anatumiza dzulo lake, wina akulemba pansi ndi chala, wina akufufuta ndi phazi.

Immaculata anatula dengu pansi mwamphamvu.

"Ndiye pakamwa muli napo? Ine ndikuuma kukhosi tsiku ndi tsiku, sukulu ikundithamangitsa, inu mafunso mukufunsana pano?"

Amene anayankha ndi Pretty, mnzake wa kuubwana, amene saopa munthu.

"Iwe Imma, asi mutu wako ukuyenda? M'gulumo muli ndani? Si a Custodio, akapitawo athu? Ukufuna ine ndikalengeze kuti sindidziwa kuchotsera, mawa lake adzandiyang'ane pogawa mizere? Uyu Onias ali momwemo ndi amai a mkazi wake. Alakwitse kuwerenga iwo akumva? Ndipo iweyo wekha, shuwa, sukudzimva? Ukamaphunzitsa mawu ako amakhala ngati wagwada."

Zinali zoona. A Custodio anali kapitawo wa othyola tiyi, komanso anali bambo ake a Romeo, apongozi ake enieni a Immaculata. Tsiku lotsegula gulu, iye anawalowetsa poyambirira penipeni, chifukwa sungayambe chinthu pakomboni akuluakulu osadziwa. Unali ulemu. Ndipo ulemu womwewo unatseka pakamwa pa gulu lonse. Akale anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti nthawi zina munthu amadya phulalo dala, kuopa kufunsa apongozi akumva.

Mwina mukuti nkhani yatha, angowachotsa. Inu, munayamba mwachotsapo apongozi anu pagulu? Foni ilibe mwambo. Ukachotsa munthu imalengeza kwa onse kuti uje wachotsa uje. Mawa lake komboni yonse ikanadziwa kuti mkazi wa Romeo wathamangitsa apongozi ake, pakhomo pomwe akudya ndi kugona. Kutsegula gulu lina mobisa nakonso kunali kosatheka, poti kuno foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse, chinsinsi sichigona.

Immaculata anagwira njakata. Kuwasiya, dipuloma yapita. Kuwachotsa, banja lagwedezeka. Anazengereza sabata yathunthu, teremu ikutha, ine ndikanakhala mchemwali wake ndikanamukoka khutu.

Pomaliza anachita chomwe akanayambira. Mpongozi wamkazi, amene kuno timati muroora, salankhula nkhani yolemera maso ndi maso ndi bambo a mwamuna wake, amadzera mwa amayi. Lamlungu atabwera kutchalitchi, anapeza a Natalia, apongozi ake aakazi, akusenda nthochi kuseri kwa khitchini. Anagwada n'kufotokoza zonse.

A Natalia anapukuta manja, n'kuzungulira kukhonde komwe a Custodio anakhala. Bwalo lake ndi laling'ono moti aliyense ankamva mnzake bwinobwino, komabe mawu anayenda njira yake yoyenera.

"Bambo a Romeo, muroora wanu akuti anthu akuopa kufunsa chifukwa inu muli m'gulu."

Immaculata anali atatsinzina.

"Uwauze amuroora," anatero a Custodio, "kuti ine ndinafuna kutuluka sabata yoyamba yomwe. Ndinaona kuti anthu auma. Koma chifoni chimenechi n'chamiseche. Chikanauza onse kuti Custodio wathawa sukulu ya muroora wake, anthu n'kumati zophunzitsa zake n'zachabe. Ndiye ndinati ndikhale, ndimuteteze."

Mwamva? Miyezi yonseyo, uyu akuopa kuchotsa, uyo akuopa kuchoka, aliyense akulemekeza mnzake, dipuloma ikumira pakati pawo. Anthu awiri ogona mpanda umodzi. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

A Natalia sanathere pomwepo. Anakweza mawu dala.

"Ndipo uziwadziwa bambo akowa, mwanangu. Phunziro lililonse amakamvera m'nthochimu, foni ili pakhutu, akulemba pansi ndi kamtengo. Sukulu yawo inathera pa nkhondo ya kwathu ku Mozambiki, zilembo anazisiya theka."

"Natalia, nada, zimenezo sanafunse," anatero mkuluyo.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Custodio anakwera chitunda ndi miyendo yawo yokalambayo n'kutumiza uthenga wa mawu pagulu. Aka kanali koyamba kuti mawu awo amveke mmenemo.

"Ndine Custodio. Ndikutsanzika ndekha, palibe wandithamangitsa. Sukuluyi ndi yabwino, musaisiye. Amene sadziwa afunse, makutu anga ndachoka nawo. Pronto."

Anatuluka.

Musaganize kuti zonse zinangoyera pomwepo. Mafunso anayamba kubwera, koma Onias anali chete, ndi ena angapo. Tsopano Immaculata anali atachangamuka. Anayenda khomo ndi khomo, ku Ruda mpaka ku Samanga, akufunsa funso limodzi lomwe sanalipeze m'mabuku aja: "Ndi ndani amene simungalakwitse iye akumva?" Wina anati apongozi, wina anati mkulu wa mpingo, mayi wina anati mwana wake weniweni wa Fomu 2, amene amamuseka.

Anagawa gulu lija kukhala timagulu ting'onoting'ono ta anthu omasukirana. M'kagulu kalikonse anasankha mmodzi wonyamula mafunso ovuta n'kupita nawo ku timagulu tina popanda kutchula mwini funso, monga momwe a Natalia ananyamulira mawu pabwalo paja. Mavuto sanathe. Ena anakwiya kuti bwanji awalekanitsa ndi anzawo. Wina anasandutsa kagulu kake msika wa mapeyala. Magetsi ankazima, mafoni n'kugona ndi njala. Koma anthu anayamba kulakwitsa poyera, ndipo munthu amene wayamba kulakwitsa poyera ndiye wayamba kuphunzira.

Atawafotokozera a Norbert, iwo anaseka.

"Mai Malvin, inenso pamaso pa vatezvara anga, bambo a mkazi wanga, sindingafunse ngakhale nthawi. Lekani kudandaula kuti gulu lija linafa. Lembani chimene chinalipha ndi chimene chalidzutsa. Kafukufuku wanu ndi ameneyo."

Analemba. Ankalemba pa nthawi yopuma, atatsamira dengu, zala zili zakuda ndi utomoni wa tiyi. A Norbert anamubwezera zolembazo kangapo kuti akonze, iye n'kumatukwanira mumtima, n'kukonza. Anapereka teremu ili pafupi kutseka.

Nanga a Custodio? Atatuluka m'gulu, sukulu sanaisiye. Immaculata ankatumiza phunziro pafoni ya a Natalia, ati n'la amayi. Mawa lake a Natalia ankabwera kukhitchini n'kuti, "Pali munthu wina akufunsa kuti chilembo chija chokhala ndi mchira chimayang'ana kuti." Immaculata ankayankha mwaulemu, osafunsa kuti munthuyo ndani.

Zotsatira zinatuluka nthawi ya mvula, tiyi ataphukira kwambiri. Anakhoza. Lero Immaculata ndi mphunzitsi wa maphunziro a patali, ndipo timagulu take tafika mpaka kumaesiteti a ku Chipinge. Asanatsegule gulu lililonse, amayamba wafunsa funso lake lija.

Koma mukamufunsa tsiku lomwe amalikumbukira kwambiri, satchula la chikondwerero cholandira dipuloma ku Mutare. Amatchula tsiku lomwe zotsatira zinafika. Anthu odzamuyamikira atabalalika, a Natalia anabwera ndi foni yawo m'manja, nkhope ili yodabwa.

"Muroora, bambo ako anditumizira zolembalemba. Akudziwa bwino kuti ine sindiwerenga. Tawerenga, akuti chiyani?"

Immaculata analandira foniyo ndi manja awiri. Unali uthenga wolemba, woyamba m'moyo wa a Custodio kulemba ndi chala chawo. Zilembo zina zinasowa, mawu ena anamatana, koma unkawerengeka:

"Natalia uwauze amuroora akhoza. Uwauzenso amene walemba izi ndine."

Mkuluyo anali pakhonde, akuyang'ana kumapiri ngati sakumva kanthu. Immaculata anagwada pomwe analipo n'kuwomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Amai, muwauze kuti ndawerenga. Palibe cholakwika."

Tsono inu amene mwakhala chete pa sukulu yanu, pa ntchito yanu, kapena pa chinthu chomwe munachiyamba n'kuima, ndimvereni, poti ndatopa kuona anthu anzeru akumira m'madzi a m'mawondo. Musathamangire kunena kuti ndinu mbuli, kapena kuti netiweki ndi yoipa. Yang'anani kaye amene mukumuopa, mwina nayenso akuopa inu. Ngati njira yolunjika yatsekeka, dzerani kukhitchini, khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Mtima wokhawo musautaye, ndipo chonde, musadikire miyezi ngati Immaculata. Pitani mukafunse lero.