Chigongono Chaulemu

Mbiri ya Kawale ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala patsamba loyamba ngati mnyamata waulemu kuposa onse amene anapondapo fumbi la kumeneko. Popereka moni, polandira chenji, ngakhale potenga mchere, dzanja langa lamanzere linkakhala litagwira chigongono chakumanja ngati mkamwini watsopano. Zoona zake n'zakuti ndikanachisiya chikanaguluka. Ndinagwa ndili pagolo ku Biwi, ndili fomu 2, ndipo kunyumba sindinanene chifukwa tsikulo ndinali nditathawa kalasi. Kuyambira pamenepo chigongonocho chinkachoka pamalo pake chikafuna, osatsazika.

Ku koleji nanenso ndinachoka chimodzimodzi, chaka chachiwiri. Bambo anga, omwe anali atapuma pa ntchito ya umesenjala, sanakalipe. Alendo akabwera ankangoti, "Sukulu inamukana uyu, koma ulemu, onani nokha." Nditaona kuti ulemu suphikidwa, ndinakwera basi ya ku Joni.

Kumeneko ndinapeza ntchito yopenta nyumba. Bwana ankadabwa kuti bwanji ndimalandira malipiro ngati mgonero wa kutchalitchi. Tsiku lina ndikukwera makwerero ndi ndowa ya penti, chigongono chinapita kwake, ndowa kwake, ine kwanga. Kuchipatala cha boma, nditalipira khadi, dokotala anapinda mkono, nauwongola, nati mtsempha womanga mafupawo unaduka kalekale. Anatenga wina m'mwendo mwanga, kuboola fupa, n'kumanga monga amamangira njinga yakale ndi waya, kungoti iwo anasamba m'manja.

Masabata asanu ndi limodzi mkono uli m'chikhakha, ine ndili m'kachipinda ka ndekha. Batani la malaya limafuna manja awiri kapena m'bale, ine ndinalibe zonsezo. Ndinkakhala pakhomo n'kumatchula siteji za minibasi pamtima: Mchesi, Biwi, Kawale, Chilinde. Loweruka ndinkaimba foni pagolosale ya Amayi Nachisale, aneba athu, iwo n'kupita kukaitana Bambo. Foni ili pakauntala ndinkamva tambala, ana akulimbirana mpira, wailesi ya munthu wina. Mayunitsi ankatha, koma mphindi zimenezo sindinkazidandaula.

"Ukudya?"

"Ndikudya, Bambo."

"Ulemu uja usautaye kumeneko."

Za opaleshoni sindinawauze. Ndikanayamba bwanji kunena kuti chinthu chimodzi chokha chimene ankandinyadira nacho ndachisiya patebulo la madokotala?

Chaka chachinayi nditaimba foni, Amayi Nachisale sanathamangire kukaitana Bambo. "Dalitso, maso a bambo ako ayamba chifunga. Ngati ukufuna akuone, usadikire Khirisimasi."

Nditafika kwathu ndinawapeza Bambo pakhonde, pampando wawo wa masiku onse. Ndinanjuta, n'kutambasula dzanja. Lamanzere linali litaiwala ntchito yake, linangoti gwi chikwama. Moni wa dzanja limodzi, kwa bambo wondibala, anthu akuona. Ndinadikira chiweruzo.

Bambo sanasiye dzanja langa. Zala zawo zinakwera pang'onopang'ono mpaka pachigongono, zinapeza chipsera, n'kuchitsata kuyambira pomwe chayambira mpaka pomwe chathera.

"Achimanga chigongono chija?"

"Bambo, mumadziwa?"

"Iwe, ndinali mesenjala ine, osati chitsiru. Tsiku lomwe unagwa ndinakumva ukulira kuseri kwa bafa. Ndinakafunsa kwa dokotala wina yemwe ndinkamupititsira makalata, anati zoterezi n'zakunja. Malipiro anga kunja kwake kunali ku Dedza. Ndiye anthu akamafunsa kuti mwanayu bwanji amangogwira mkono, ndikanati chiyani? Ndinkati ndi ulemu."

Anaugwedeza mkonowo mwamphamvu ngati akuyesa mpini wa khasu pamsika. Sunaguluke.

"Wabwino," anatero. Koma sanausiye, mpaka tiyi anazizira.

Bambo anatisiya mvula yotsatira isanagwe. Mpaka lero ndikamapereka moni, dzanja lamanzere limapita lokha pachigongono, pomwe panagwira iwo paja. Chigongonocho n'cholimba bwinobwino, chimanyamula thumba la simenti osadandaula. Ndiye kuti marandi makumi asanu ndi awiri amene ndinalipira khadi la kuchipatala aja anangopita.