Msilikali wa m'matope

Ndikamva fungo la fodya wouma, ndimayambanso kuvutitsa anthu kuti andiuze dzina la filimu ija. Palibe amene akuidziwa.

Ndinali mu giredi 3, kwathu ku Kapichila. Masana ena amalume anatilowetsa ine ndi anzanga m'chigafa cha fodya kukaonera vidiyo yoyendera batire ya galimoto. Inali ya nkhondo. Msilikali wina anatitimira m'matope mpaka m'khosi, mnzake atamugwira chibwano, madzi akukwerabe. Atangomufika pakamwa, TV inazima.

“Batile yatha,” anatero amalume. “Tepi nibweza ku boma lelo.”

“Amalume, yatsani chonde! Munthu uja amila!”

Anzanga anatuluka akuseka. Ine ndinagwada pa batire paja, ndikukanikiza mawaya otentha ndi zala zanga, maso ali pa galasi lakuda, inenso osapuma.