Chaka Chimene Tinapanga Kabelu ka Mvula

Mpaka lero, ndikamva fungo la mtovu wosungunuka, ndimapezeka ndakhala pakhonde pathu ku Katete, miyendo ili mbuu ndi fumbi la Okutobala. Fungo lake ndi lowawa pang'ono, ngati utomoni wogwera pamakala, ndipo limakanirira kukhosi. Chilimwe chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka makutu kuzolowera, nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, ndipo m'nyumba makina osokera a amayi sankapuma.

Atate anali okonza mawailesi. Kwa zaka zambiri anali ndi kantemba kawo pamsika, ndipo alimi ochokera kutali, ngakhale ku Mkaika ndi ku Vubwi, ankabwera ndi mawailesi awo atawakulunga m'chitenje ngati ana odwala. Koma chaka chimenecho, anthu atangomaliza kukolola, atate anatseka kantembako. Anatiuza kuti mawailesi a masiku ano ndi otchipa, akafa anthu amangotaya n'kugula ena. Zida zawo anaziika m'katoni pansi pa bedi. Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando wa ndalema pansi pa mango, chipewa chili kumaso, ndipo ukawafunsa kanthu ankayankha mawu amodzi basi. Pakhomo tinkadya za mayunifomu a ana asukulu amene amayi ankasoka.

Tsiku lina bokosi la zoseweretsa linabwera ndi amayi aang'ono, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Lusaka. Ana a abwana awo anali atakula, ndipo zoseweretsa zawo zinali zoti zikatayidwe. M'katimo munali thabwa la pulasitiki lobiriwira, lodzaza ndi timasipuling'i tonyezimira tomwe munthu amapanirapo mawaya. Munalinso kababu kamodzi, kaswichi, mawaya ofiira ndi akuda, ndi kathumba ka tinthu tonga mpunga tokhala ndi mizere yamitundumitundu. Malo ena pathabwapo anali mabowo okhaokha, ngati m'kamwa mwa mwana wogulula mano. Kabuku kolongosola zoti upange nalo munalibe. Achimwene anga analiyang'ana tsiku limodzi, ndipo ataona kuti siliyenda kapena kulira anabwerera ku mpira wawo. Linakhala langa chifukwa palibe wina analifuna.

Ndinapita nalo pansi pa mango n'kuliika pamiyendo ya atate. Poyamba sanachotse n'komwe chipewa. Anangoyendetsa zala pamasipuling'i aja limodzilimodzi, monga amayi ankachitira posankha nyemba. Kenaka anandituma kukachotsa mabatire mutochi ya amayi, nandiuza pomanga waya wofiira ndi pomanga wakuda. Nditasindikiza kaswichi, kababu kanayaka. Masana onsewo, dzuwa likuswa mtengo, kuwala kwake kunali kochepa zedi, koma ndinakuwa mpaka galu wa oyandikana nawo anauwa.

Ndinafunsa kuti tipanganso chiyani poti kabuku kulibe.

"Kabuku kali ndi anthu," anatero atate. "Pita ukawafunse chimene chikuwavuta."

Ndinayenda nazo ndithu. A Tembo, mkulu wa mpingo wathu, anati ndiwapangire chodzutsira anthu owodzera pa ulaliki, ndipo akazi awo anayankha ali kukhitchini kuti chiyambe ndi iwo eni ake. Mayi wina wogulitsa tomato anafuna chogwidwitsa mbuzi ndi magetsi, koma atate anakana, amvekere magetsi si chikwapu. Pomaliza ndinafunsa amayi. Anaimitsa makina, nachotsa mapini amene anali atawaluma, n'kunena kuti iwo chowavuta ndi ufa. Akayanika ufa woyera pamphasa n'kulowa m'nyumba kukasoka, phokoso la makina limawagonthetsa, ndipo mvula yoyamba ikhoza kuwaonongera wonse. "Mundipangire choti chizindiitana mvula ikayamba," anatero. Analankhula mokweza, nkhope atalozetsa kuwindo loyang'ana kumango.

Madzulo a tsiku lomwelo atate anatulutsa katoni ija pansi pa bedi. Anandifotokozera kuti madzi amaolotsa magetsi, koma mofooka, ngati munthu wonong'ona. Pankafunika kanthu ka miyendo itatu kotchedwa tiranzisita, komamva kunong'onako n'kukukweza, komanso kabelu koti kazilira. Zonse ziwirizo pathabwa langa panalibe, ndipo atate zotsala za pakantemba anali atagulitsa. Ndiye ntchito yanga inakhala yosaka.

Ndikaweruka kusukulu ndinkayenda khomo ndi khomo m'komboni mwathu. "Odi kuno! Muli ndi wailesi yakufa?" Ena ankaseka, ena ankandifunsa ngati ndikufuna kukaiika m'manda, koma ambiri ankandipatsa, chifukwa ankawadziwa atate. Ndinabwera ndi mawailesi anayi. Tikatsegula kumbuyo kunkatuluka mphemvu ndi fungo la fumbi lakale, ndipo mu ina tinapezamo chisa cha mavu chouma. Kabelu ndinakapeza kwa mnzanga wa m'kalasi, Esinati. Mlongo wake wamng'ono anali ndi kagalimoto koseweretsa ka apolisi kothothoka matayala, koma ukaikamo batire kankalirabe, wiii, wiii. Ndinakagula ndi mbale ya masuku ndi kumuchitira Esinati samu sabata yathunthu. Atate anakatchabe kabelu, ngakhale kankalira ngati kakuthamangitsa mbava.

Masiku amenewo anali okoma. Tinkakhala pakhonde, mbaula ili pakati, chitsulo chomatira mawaya chili m'makala. Atate ankandipatsa tinthu tonga mpunga tija n'kundiuza kuti nditchule mitundu ya mizere yake, amvekere tione ngati kusukulu mukuphunzira. Ndikati wofiirira, wakuda, wofiira, iwo ankagwedeza mutu n'kundiuza mphamvu yake osaganiza n'komwe. Manambala a pa tiranzisita ndinkawawerengera ndine, ndipo akamayeza ndi mita yawo yakale, ine ndi amene ndinkanena pamene kasingano kaima. Ndinkadziona wanzeru kwambiri. Tsiku lina atate anaphonya waya n'kudziotcha chala, nanena kuti dzuwa linawathobwa m'maso. Tsoka lake matiranzisita onse amene tinazula m'mawailesi aja anali akufa kapena osayenera, ndipo kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo.

Loweruka lina tinakwera minibasi kupita ku Sinda, kwa a Mwale, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa atate ndipo tsopano anali ndi kantemba kawokawo. Atationa anadumpha pabenchi n'kugwira dzanja la atate ndi manja awiri. Anandigulira botolo la munkhoyo wozizira, kenaka anakhuthula chitini cha tizida patebulo. Anatola kamodzi n'kuwapatsa atate, nati aone nambala ngati ndi imene akufuna. Atate anakayandikitsa kumaso, anakatalikitsa, anakayandikitsanso, kenaka anati ndi yomweyo. Ine ndinali chapafupi ndipo ndinaona kuti akuyang'ana mbali yopanda zolemba. A Mwale nawo anaona. Anayang'ana atate m'maso, nawafunsa.

"A Phiri, maso awa ayamba liti?"

"Chaka chatha," anatero atate motsitsa mawu. "Ndimaona ngati ndili mu utsi. Kuchipatala akuti ndi ng'ala, ndidikire tsiku langa la opaleshoni." Kenaka anafufuza mutu wanga n'kuikapo dzanja. "Koma maso ndili nawo, a Mwale. Ndi awa."

Munkhoyo uja sindinaumalize. Pobwerera ndinakhala pawindo, tiranzisita ili m'bokosi la machesi m'manja mwanga, ndipo zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Njinga imene atate anasiya kukwera ati tcheni n'chotha. Baibulo limene kutchalitchi ankangolitsegula osatembenuza tsamba. Wailesi ya munthu wina imene inapsa m'manja mwawo sabata yomwe anatseka kantemba. Ndinachita mantha, ndipo ndinachitanso manyazi pokumbukira mmene ndinkanyadira pa mayeso aja. Titayandikira phiri la kwathu atate anandigunda ndi chigongono. Anati amayi akudziwa, ndipo ine ndisalire m'galimoto ya anthu, chifukwa ntchito ikutidikira.

Lolemba masana anandipatsa chitsulo chomatira. Chigwiriro chake chinali chosalala ndi thukuta la zaka, ndipo chinkandilemera. Anagwira mkono wanga n'kundiuza kuti ndisamawotche mtovu, ndiziwotcha waya, mtovu udzatsata wokha. Ngakhale sankaona, ankadziwa zonse ndi mphuno ndi khutu. "Wapsa, chotsa," ankatero ine ndisanaone n'komwe utsi. Akafuna kuyesa ntchito yanga ankakoka waya ndi chikhadabo, ndipo ukachoka ankangoti bwereza. Ndinabwereza kasanu pamwendo umodzi. Chipsera cha tsiku limenelo chikadali pachala changa chachikulu. Mayeso a mitundu anatha. Tsopano ankangofunsa poyera kuti, "Tikambe, ukuona chiyani?" ndipo ine ndinkawauza.

Chomvera mvula tinachipanga ndi kathabwa ka pakhomo la khola. Tinakhomapo mawaya awiri osenda, oyandikana kwambiri koma osakhudzana, kuti dontho likagwa pakati liwalumikize. Atate anati madzi a mvula ndi aulesi, choncho tinawazapo mchere pang'ono. Waya wautali unachoka pabwalo, kudutsa pawindo, kukafika pathabwa lobiriwira lija, lomwe tinaliika pafupi ndi makina a amayi. Nditadonthezapo madzi a m'kapu, apolisi analira m'nyumba, ndipo amayi anatuluka akuomba m'manja. Mawa lake kanaliranso masana kumwamba kuli yeretete. Tinathamangira panja n'kupeza mbuzi ya a Tembo ikunyambita mchere uja mosatekeseka. Atate anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene ndinali nditakuiwala, ndipo kathabwako tinakakweza pamwamba pa thandala la mbale.

Kenaka tinadikira. Sabata ziwiri mitambo inkatinamiza. M'mawa uliwonse ndinkaonjezera mchere, ndipo atate ankandiuza kuti ndichotse mabatire ndiwayanike padzuwa kuti asathe msanga. Usana uliwonse ankafunsa kuti kumwamba kukuoneka bwanji, ine n'kumawalongosolera mtundu wa mitambo monga ndinkachitira ndi mizere ija.

Inabwera tsiku lina Lachinayi, kumayambiriro kwa Novembala. Amayi anali atayanika ufa pamphasa ziwiri, wa mwezi wonse. Ine ndinali m'nyumba kuwathandiza kusokerera mabatani. Kunja kunada mwadzidzidzi, mphepo inakankha chitseko, ndipo fungo la dothi lonyowa linalowa kuchokera kumapiri. Amayi anaimitsa phazi, nayang'ana kukhomo, kenaka anayang'ana thabwa lobiriwira n'kuyambanso kupalasa pang'onopang'ono. Padenga la malata panamveka pha, kenaka pha, pha. Kabelu kali zii. Madontho anachuluka, amayi akusokabe mpendero umodzimodziwo, mutu uli pansi. Ndiye mwadzidzidzi wiii, wiii, wiii.

"Mvula!" anakuwa amayi. "A Phiri, kalira! Kalira!"

Tinathamanga tonse. Achimwene anagwira ngodya za mphasa imodzi, ine ndi amayi inayo, ufa ukuuluka n'kutiyeretsa nsidze. Mbali ina ya mphasa yachiwiri inali itasanduka kale phala, ndipo imeneyo inapita ku nkhuku. Atate sanagwire mphasa. Anaima pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja, mvula ikuwatsika m'khosi, akumvetsera apolisi aja akulira m'nyumba. Nditafuna kukazimitsa anati ndikasiye kaye pang'ono.

Chaka chotsatira tsiku lawo linakwana kuchipatala, ndipo diso limodzi linatseguka. Kantemba sanakatsegulenso, koma anthu anayambanso kubwera pakhomo ndi mawailesi ndi matochi, ndipo tinkakonza awiri mpaka pamene ndinapita kusekondale.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti ndili mwana ndinapulumutsa ufa wa amayi. Ndinkakhulupiriradi kuti kabelu kathu kanamva mvula iwo asanaimve, ndipo chinkandidandaulitsa ndi chakuti kanachedwa pang'ono. Ndinadzazindikira nditakula, ndili m'nyumba yangayanga ya malata ku Vubwi kumene ndimaphunzitsa, dontho loyamba litandidzidzimutsa mkati mwa phokoso la ana. Pansi pa malata palibe amene amafuna belu kuti adziwe kuti mvula yayamba. Nditapita kwathu pa tchuthi ndinawafunsa amayi chimene anakhalirabe pamakina tsiku lija, ufa wa mwezi wonse uli panja. Anali akulowetsa ulusi m'singano, ndipo sanadzutse mutu.

"Ufa umagayitsa wina, mwanangu," anatero.