Malo a Mkamwini ku Manda

A Rafael anabwera kuno akuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambiki, atanyamula khasu ndi wailesi yopanda mabatire. Anakwatira mayi Sabina chakuno ku Muloza, n'kukhala mkamwini. Lero ndi mkulu wa adzukulu. Aliyense wagona kumanda kwathu, nyumba yake anam'konzera ndi iwowa, ndipo nkhuku ya adzukulu ikapsa, nthutumba ndi yawo, palibe wotsutsa.

Koma wokumba manda a anzakeyu analibe pogona pakepake. Mlamu wawo, a Mackson, mwinimbumba, ankangoti, "Mkamwini amakagona kwawo." Kwawo kuti? Ku Milanje kuja, ku Mozambiki, kunatsala zitsa za mango basi.

Tsiku lina masana, onse akudya, mwana wawo Claudia anaimba foni kuchokera ku Joni. Nkhani ndi nkhani, a Rafael anadandaula zomwezo.

"Ababa, kuno ena sakwiriridwa," anatero Claudia. "Ngakhale kuwotcha ena sakufuna, akuti utsi ukuwononga dziko. Amaika thupi m'chithanki cha madzi otentha ndi mankhwala, limasungunuka. Mafupa amawapera, n'kupereka kwa abale m'kabotolo."

A Rafael maso gwa! Kabotolo sikafuna malo, sikafuna bokosi, sikapempha chilolezo kwa mlamu.

"Amake Claudia, nkhani yatha. Mudzanditumize ku Joni, ndidzabwere m'kabotolo. Mudzandiike pashelefu paja, ndizidzaona obwera kudzakufunsirani."

"Ufa wake ndi wotani?" anafunsa mayi Sabina.

"Akuti woyera mbee."

"Iii, ndi maso angawa? Pashelefu pamakhala soda. Ine ndidzakutapani ndithu, n'kukuthirani m'therere."

A Mackson, amene chimwalirire akazi awo amadya kwa mlongo wawoyo tsiku ndi tsiku, dzanja linali m'mbale ya therere lomwelo. Linaima. Anayang'ana thererelo likutsetsereka pazala, n'kulibweza pang'onopang'ono.

"Achemwali, mukunena zoona?"

"Dzana simunamwe tiyi wa mchere kuno?"

A Mackson anasamba m'manja asanakhute, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Alamu, za mabotolozi zisiyeni. Mawa tikaone malo kumanda. Pansi pa mkuyu paja pali mpata."

A Rafael anakoka mbale ya therere ija n'kuiika patsogolo pawo.

"Pamkuyu ayi, alamu. Pali apongozi pamenepo. Zaka zonse zija ndinkawathawa panjira, ndiye ndikagone nawo mutu ndi mutu? Tikayeze chakumunsi."