Tsiku Limene Tinatulutsa Khanda m'Chikuta

"Nanga kwanu, Felista, pa kona ya msewu panali sitolo yanji?"

Anandifunsa ndi a Margaret, gogo wachingerezi wa m'nyumba yoyandikana ndi ya abwana anga kuno ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha. Anabwera ku Doha kudzakhala ndi mwana wawo. Dzuwa likapepa ine ndimapita ndi ana a madamu ku kapaki ka pakati pa nyumba, iwo amakhala pa benchi ndi tabuleti yawo. Chingerezi changa n'cha kukhitchini, koma timamvana.

Tsiku limenelo ankandionetsa zithunzi za tauni yawo ya kumpoto kwa England, za nthawi ali mtsikana. Akuti pali gulu pa foni pomwe anthu a m'tauniyo amaponyapo zithunzi zakale n'kumakangana. Wina akuti pa kona panali butchala, wina akuti ayi, panali wosoka nsapato. A Margaret ankayendetsa chala pagalasi la tabuleti. Apa pophikira buledi. Apa nyumba ya kanema. Apa fakitale ya nsalu kumene mayi awo ankagwira ntchito. Zonsezo zinatha. Anati tauni yawo inafa pang'onopang'ono, sitolo imodziimodzi, anthu osazindikira.

Ine ndinangoyankha kuti panali chigayo. Kenako mwana wa madamu anagwa pakatungwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma funsolo linandikhala pamtima. Kwathu sikunafe pang'onopang'ono, ndipo palibe anakujambulapo. Ndiye ndati ndilembe, ana athu obadwira ku Malawi adzadziwe.

Kwathu kunali pa Kadziwe, ku Mozambiki, kufupi ndi malire a ku Mwanza. Msewu unali umodzi, wafumbi. Pa kona panali chigayo. Kenako kagolosale ka a Jasse, ogulitsa mchere, sopo ndi mafuta a nyale. Kenako mtengo wamango pamene alamu anga a Bento ankakonzera njinga. Kumtunda kunali sukulu, belu lake linali limu ya galimoto yopachika pamtengo. Ndinalekezera kalasi yachisanu pamenepo.

Makolo athu anali atamwalira kale. Ndinkakhala ndi achemwali anga a Rosa ndi amuna awowo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Inali nthawi ya dzinja, chimanga chitamasula. Achemwali anali atangochira kumene, mwana wamkazi. Anavutika pobereka ndipo magazi anali asanasiye. Azakhali athu anabwera kudzawasamala.

Kwathu mayi akabereka amakhala m'chikuta, ndiye kuti amabindikira m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowamo. Munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi timati ndi wotentha, sagwira khandalo, kuopa tsempho, matenda otupitsa mwana mpaka kufa. Ngakhale dzina sapereka mchombo usanagwe. Ine ndinali ndisanathe msinkhu, ndiye ndinali wozizira. Ndinkaloledwa kumunyamula. Bambo ake enieni anali atangomuona pawindo.

M'mawa umenewo ndinkachapa matewera kuseri kwa nyumba. Chigayo chinkalira monga mwa masiku onse. Kenako chinazima pakati pa ntchito. Ndinamva ngati wina akumenya malata ndi ndodo, mofulumira. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe.

Kumunsi kwa msewu kunatuluka utsi wakuda. Sunali wa zinyalala.

Alamu anafika akuthamanga, manja ali girisi yekhayekha. Anaima pakhomo. Ngakhale pamenepo sanalowe. Anaitana ali panja.

"Azakhali, asilikali afika. Akuotcha nyumba, akuti timadyetsa adani awo a kutchire aja. Tulutsani mwanayo."

Azakhali anayang'ana achemwali amene ankalephera kuima okha. Anayang'ananso ine. Anandimangirira khandalo pachifuwa, osati kumbuyo, chifukwa khosi linali lisanalimbe. Anamanga mfundo ziwiri. Linali lopepuka ngati paketi ya shuga.

Alamu anakweza achemwali pakaliyala ya njinga n'kumakankha. Kuti tifike kuminda tinayenera kudutsa msewu wonse.

Pachigayo matumba a chimanga anali pamzere, lililonse pamalo pake, eni ake palibe. Ufa unali utatayika pakhomo, ndipo munali mapazi a anthu olowera mbali zonse.

A Jasse anali atagona chafufumimba pakhomo la golosale yawo. Phazi limodzi linali ndi patapata, lina lopanda. Azakhali anandipotoza mutu ndi dzanja kuti ndiyang'ane kutsogolo.

Pamtengo wamango panali njinga ya munthu yogadamitsa, gudumu limodzi litachotsedwa, masipanala ali pansi. Alamu sanacheuke.

Kusukulu denga la udzu linkayaka. Mbuzi ina yomangirira inkazungulira chikhomo chake, chingwe n'kumafupika. Palibe anaima kuti aimasule. Asilikaliwo ine sindinawaone nkhope. Ndinangoona misana iwiri kuseri kwa nkhokwe ya eni, ndi chigubu cha petulo.

Tinalowa m'chimanga. Masamba ankandicheka m'mikono chifukwa manja onse ndinaphimbira mutu wa mwana. Matope anadzaza m'mateyala, njinga inakana. Alamu anaigoneka pakati pa mizere n'kubereka achemwali kumsana. Chitenje chawo chinali chitada kumbuyo. Ndinkayenda pambuyo pawo, ndiye ndinkaona.

Masana tinafika pamtsinje. Unali utadzaza, madzi ofiira. Panali anthu ena a m'midzi ina, ankaoloka atagwirana manja, madzi akulekeza m'chifuwa. Wobereka munthu wamkulu sakanatha.

Achemwali anapempha mwana. Anamuyamwitsa atatsamira mtengo. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa. Atatha anandibwezera, n'kukonza kansalu ka pamimba pake.

"Uziyang'ana mchombowo," anatero. "Usagwere pakati pa miyendo, angadzakhale wosabereka."

Mawu awo omaliza kwa ine anali amenewo.

Alamu anati ife tioloke, iwo adikira madzi aphwe. Azakhali sanatsutse. Anandimasula mwana n'kundisenzetsa pamutu m'lichero la mayi wina. Azakhaliwo anandigwira m'chiuno. Miyala inkaterera. Ndinkamva madzi akundikoka miyendo, koma manja sindikanatsitsa. Titafika tsidya ndinacheuka. Alamu anali atakhala pansi, mutu wa achemwali uli pamiyendo pawo, akuwaingitsa ntchentche ndi tsamba.

Tinayenda mpaka dzuwa kulowa. Mwana analira njira yonse. Amuna ena a m'gululo ankatiyang'ana moipa chifukwa kulirako kumamveka patali. Ndinkamupatsa chala changa chaching'ono kuti aziyamwa. Ankayamwa pang'ono, n'kuzindikira, n'kuyambiranso.

Kutacha anasiya kulira. Poyamba ndinasangalala. Kenako azakhali anamuvula kachipewa n'kugwira paliwombo. Panali patalowa ngati pamene wadinda chala pa mtanda wa ufa. Thewera linali louma kuyambira dzulo lake. Azakhali anatafuna phesi la chimanga n'kumudonthezera madzi ake m'kamwa. Anangotuluka m'mbali.

Ndinayamba kuyenda dzanja lili pamsana pake kuti ndizimva ngati akupuma. Nthawi zina sindinkamva kanthu. Ndinkaima, n'kumugwedeza, mpaka atasuntha kamwendo.

M'gulumo munali mayi wina wamtali, wa chipsera pachibwano, ali ndi mwana wake wokwawa kumbuyo. Sitinkamudziwa. Titapuma pansi pa thanthwe anabwera n'kukhala pafupi nafe. Anayang'ana khandalo nthawi yaitali.

"Bweretsani ayamwe," anatero.

Azakhali anakana. Anati mwanayo ndi wa m'chikuta, sanatulutsidwe, munthu wachilendo sangamugwire. Anati sitikudziwa za m'nyumba mwake, sitikudziwanso za m'magazi mwake. Sankanena mwachipongwe. Ankaopa zenizeni. Anali ataikapo ana awo awiri, ndipo onse anthu ankati ndi tsempho.

Mayiyo sanakwiye. Anati, "Amuna anga anawatenga chimanga chisanamere. Sanabwerere. Ngati n'kuzizira, mayi, ine ndine wozizira."

Anthu anali atayamba kunyamuka. Ine ndinkangoyang'ana kamwa la mwana, linali lotseguka, lilime louma.

Kenako azakhali anaimirira n'kutifulatira. Anayang'ana kuphiri.

"Ine ndikukonza mtolo wangawu," anatero. "Za kumbuyo kwanga sindikuziona."

Analibe mtolo uliwonse. Ndinamasula mfundo ziwiri zija ndi mano n'kupereka mwana kwa mayiyo.

Mwana sanagwire bere. Mayiyo anafinyira mkaka pamilomo pake, dontho limodzi, kenako lina. Anamusisita pansi pa chibwano ndi chala. Palibe chinachitika. Anafinyanso. Mwana wake anayamba kulira kumbuyo, akukoka bulauzi, iye osamulabadira. Kenako ndinaona tsaya la khanda likulowa ndi kutuluka. Mayiyo anatseka maso.

Tinatsala kumbuyo kwa gulu chifukwa cha zimenezo. Tinalondola mapazi awo m'matope. Mayiyo anayamwitsanso kawiri panjira, ndipo nthawi zonse azakhali ankapeza choyang'ana kumbali.

Mchombo unagwa madzulo a tsiku limenelo. Ndinaupeza m'kansalu, pambali pa nthiti, sunagwere kumene achemwali ankaopa. Azakhali anakumba ndi kamtengo n'kuukwirira m'tchire. Sindikudziwa ngati pamenepo panali ku Mozambiki kapena ku Malawi. Malire ake analibe chizindikiro.

Tinadziwa kuti tafika titaona mjigo, ndi ana ovala yunifolomu yobiriwira akutiyang'ana. Kutsogolo kunali zisakasa za udzu ndi mapepala apulasitiki, zambirimbiri, za anthu amene anafika ife tisanafike. Namwino wina anatenga mwana, n'kumuyeza pasikelo yopachika, n'kutipatsa mkaka wa m'chitini. Pamene ndinkatuluka mu tenti, mayi wa chipsera uja anali atapita kukafuna abale ake. Ndinamufunafuna masiku ambiri. Sindinamuonenso. Ngakhale dzina sitinafunsane.

M'mawa uliwonse ndinkakhala pamjigo, mwana ali pachifuwa, kuyang'ana njira yotuluka m'tchire. Anthu ankafikabe. Ndinkayang'ana aliyense wobereka munthu.

Alamu anafika patapita masiku, okha. Miyendo inali itatupa. Anati madzi sanaphwe msanga. Achemwali anatsirizika tsiku lomwe tinawasiyalo, dzuwa lisanalowe. Anawaika pamtunda pang'ono, kuti madzi asawafike, atakumba ndi chikwanje chobwereka.

Atanena zimenezo anayang'ana mwana. Anapita pamjigo n'kusamba m'manja nthawi yaitali. Girisi inali idakali m'zikhadabo. Anabwera n'kuima patsogolo pa azakhali.

"Ndingamugwireko?"

Azakhali anangonditodola kuti ndimupereke. Alamu anamunyamula movutikira, zigongono zili m'mwamba. Anamutcha Rosa.

Anakhala nafe mpaka chimanga chitauma. Kenako anati abwerere akafune mayi awo amene anatsala kumudzi wina. Tinawaletsa, sanamve. Anabwereka nsapato za munthu n'kupita.

Rosa ndinamulera ine. Amanditchula amayi ndipo sindimukonza. Pano ali kusukulu ku Mwanza, amakhala ndi azakhali pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna amene ndinamusiya akuphunzira kuyankhula. Ndimawaimbira Lachisanu, tsiku langa lopuma kuntchito.

M'nyumba muja tinatuluka anthu asanu. Achemwali ali m'mbali mwa mtsinje, pamalo amene ankawadziwa ndi alamu okha. Alamu sanabwerere, ndipo palibe anatiuza kanthu. Nyumba inapsa, ndi nkhokwe, ndi mbuzi zake. Tinatsala azakhali, ine, ndi mwanayo.