Mkuzi wa Achemwali

Chaka chija madzi anatikokolera mapira ku Tengani, achemwali anga anasokonezeka mutu, ndipo tinawaperekeza ku chipatala cha odwala maganizo. Polowa m'wodi, anamwino anawachotsa chilichonse chooneka ngati chingwe, kuopa kuti angadzipweteke. Anadula ndi mkuzi womwe, kachingwe ka m'chiuno kamene amayi kwathu timakolekapo nyanda tikakhala kumwezi. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Patapita nthawi uthenga unabwera woti apeza bwino, tikawatenge. Ana awo, amene ndinkawasunga ine, anavina pabwalo.

Nditafika, namwino wamwamuna, wachinyamata ndiponso waulemu wake, anandilandira ndi nkhope yakugwa.

"Mayi, pepani, zikuoneka kuti matenda abwerera. Chikhalireni pakona paja dzana, akukana kuimirira. Kokadya sakupita, tikawafunsa sakuyankha. Adokotala akuti awonjezere mankhwala, ayambe akhala konkuno."

Mtima unandiwawa. Anawo ndikawauza chiyani ine?

Ndinawapeza atakhala pasimenti, miyendo atapanikiza, chitenje atakulunga mothinitsa. Ndinakhala pambali pawo monga timachitira pakhonde dzuwa likaswa mtengo. Kenaka anandikodola, nandinong'oneza m'Chisena kuti ena asamve.

"Ndili kumwezi. Ndikaimirira aona onsewa."

"Nanga sanakupatseni mapadi?"

Anasolola paketi m'chitenjemo, yosatsegula n'komwe. "Andipatsa. Ndiwamate pati? Panti ndilibe, mkuzi anadula."

Abale inu! Munthu wakulira nyanda ndi mkuzi moyo wake wonse, panti akanaidziwira kuti?

"Bwanji osawauza, achemwali?"

"Iwe, ndiuze mwamuna? Mwana wobadwa ndikuona? Kodi wodwala mutu ndine kapena iwe?"

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha.

Ndinathamangira pakamsika kunja kwa geti n'kugula mapanti. Pobwera ndinakokera pambali namwino wina wamayi. Atamva anagwira pakamwa. Sanachedwe, anabweretsa ndowa ya madzi ofunda ndi sopo, natulutsa amuna onse. Ine ndinatchinga ndi chitenje changa, achemwali n'kudzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati nkhuni zouma. Atasamba, namwinoyo anawaonetsa kamatidwe ka padi.

"Takhuta, mwananga," anathokoza motero achemwali m'Chisena, napempha phala.

Adokotala anamva nkhaniyo. Kenaka anati mankhwala akhale omwewo, ndipo awaonerere pang'ono.

Sabata isanathe tinali m'minibasi limodzi, tikutsika mapiri kulowera ku Chikwawa, kutentha kwa kwathu kukutilandira. Iwo anakhala kuwindo, akudandaula njira yonse kuti chovala chachilendochi chikuwaluma m'chiuno. Ndinangowasiya adandaule. Mpaka lero ndikaganiza ndimachita mantha. Ndikanachedwa kupita, akanamwa mankhwala a matenda amene analibe.